Mphuno Yomwe Inandichotsetsa pa Mlandu wa Tenti

Inu amene mumafalitsa zoti ine Fulakisoni anandichotsa pa benchi ya oweruza chifukwa ndinabwera nditaledzera, bwerani kuno ku Bertrams mudzanene pamaso panga, koma mubwere mutagwiritsa zipewa zanu. Tsiku limenelo sindinalawe ngakhale thovu. Chinandichotsetsa ndi mphuno iyi.

Nditangofika kumene ku Joni ndinkasenza matumba mu holoselo ina ya zokometsera ndiwo ku Doornfontein, ndiye tsiku lina thumba la tsabola wogaya linandiphulikira kumaso, tsabola n'kulowa mphuno yakumanja, kuzungulira m'mutu monse, kukwecha paliponse, n'kutulukira yakumanzere atayera ngati ufa. Chiyambire pomwepo bodza limandinunkhira tsabola. Munthu akanama pafupi nane ndimayetsemula, ndipo bodza likakula, kuyetsemulanso kumakula. Dalaivala wa takisi akati tinyamuka pompano, ndimangoti tsi, basi. Koma nyengo ya kampeni sindituluka m'nyumba, chifukwa chaka china ndinazula zikwangwani za msewu wathunthu. Mukumva?

Tsono ife Amalawi a kuno tili ndi bungwe la maliro. Ukamwalira uli membala, bungwe limakunyamula mpaka kwanu. Ukachotsedwa, ugona m'dothi la eni ake. Pakabuka mlandu sitithamangira kupolisi, pa zifukwa zomwe nonse mukuzidziwa. Timaika zitsekerero za mabotolo m'chipewa, ndipo amene watola chofiira amakhala pa benchi kuweruza, afune asafune.

Mlandu wake unali wa tenti. Tenti ya bungwe, yobiriwira ija timakhoma pa maliro, inasowa, ndipo a Dikisoni, msuweni wa a Tcheya athu, ankati anaona a Yohane telala akuiduladula n'kusoka zikwama zogulitsa. A Yohane anali nkhalamba ya ku Dedza, chifuwa chawo chija cha kumigodi, ndipo aliyense ankaona kuti ulendo wawo sunali patali. Malo anali atasankha kale, pambali pa manda a mayi awo. Akapezeka olakwa, ku Dedza sakafikako.

Linali Lamlungu masana, mu galaja ya kuseri kwa tchalitchi. Ndinapisa dzanja m'chipewa, chofiira. Anzanga ena otola chofiira anayamba kuzemba. Wina anati ali ndi ganyu kwa azungu ake, ine tsi. Wina anati mkazi wake watsala pang'ono kuchira, ine n'kuyetsemula mpaka chitseko chinatseguka chokha, ndipo panja panaoneka mkaziyo akukazinga magwinya, mandasi a kuno, mimba ili pyapyapya ngati thabwa lositira. Ine sindinazembe, chifukwa oweruza amapatsidwa tiyi wamkaka ndi magwinya omwewo.

A Tcheya anatsegula bwalo ponena kuti iwo alibe mbali, a Yohane amawakonda ngati mkulu wawo wa bere limodzi. Abale anga, chipewa chija chinauluka, zitsekerero zonse n'kukalowa m'khoma la simenti, ndipo zilipo mpaka lero, ana amapachikapo majuzi.

A Dikisoni anaimirira n'kuloza maso awo kuti ndi omwewa anaona. Pamenepo mphuno inachita kukoka mpweya wonse wa mu galaja, makatani n'kulowa mkati, kenako n'kuutulutsa, magalasi a alembi athu n'kuchoka pamaso, kudutsa pawindo osaswa kanthu, kukatera pamphuno pa galu amene ankadutsa mumsewu, galuyo n'kuima, kuwerenga chikwangwani choletsa agalu, n'kubwerera kwawo mwaulemu. Ndikulumbira, galuyo alipo, mwini wake ndi Mzambia wa ku Chipata, kamufunseni.

Kenako anaitana a Yohane. Anadzuka atagwira khoma, n'kudikira chifuwa chithe.

"Ine tenti sindinaikhudze. Ndikungopempha kuti mukanditule kwa amayi ku Dedza."

Anthu onse anatembenukira kwa ine, ena atagwira mipando, amayi atapana zitenje ndi mawondo. Mphuno ili zii. Kunali chete woti tinamva mphemvu ikukanda mwendo kuseri kwa kabati. Chete ameneyu anaopsa anthu kuposa mphepo zonse zija.

A Tcheya anayamba kutuluka thukuta. Anati a Fulakisoni akudwala chimfine, bwalo likuwamasula, atenge magwinya awo akapume. Ndisanadzuke, mayi Nabanda, amene amatsogolera amayi ophika pa maliro, anafunsa mofatsa ngati a Tcheya eni ake sakudziwa komwe kuli tenti. A Tcheya anaika dzanja pamtima.

"Pali Mulungu, mayi, chisowereni chake sindinaionepo ngakhale m'maloto."

Ndinayesa kugwira mphuno ndi manja awiri, koma bodza lake linali la thumba lathunthu. Chitseko chachitsulo cha galaja chinadzipinda ngati mphasa, mphepo n'kutsika mumsewu, matakisi amene saima ngakhale pa loboti yofiira n'kuima onse kuti idutse, iyo n'kuwoloka njanji, kulowa Jeppestown, kukhota kuseri kwa nyumba ina komwe kunali shabini, n'kuzula tenti yobiriwira pamodzi ndi zikhomo zake, matebulo, makireti, wailesi ikuimbabe, amuna akumwa, ndi mayi wina akuwotcha mapazi a nkhuku pa mbaula, zonsezo n'kukwera m'mwamba, kuzungulira pamwamba pa mafulati, n'kudzatera pakhomo pa galaja pathu, zikhomo n'kudzikhoma zokha m'phula. Mowa sunatayike ngakhale dontho. Mmodzi mwa akumwawo anangosuzumira panja n'kuitanitsa botolo lina. Mukumva kodi?

Chifuwa cha a Yohane chinasiya chokha. Alembi anayasama mpaka ntchentche inalowa m'kamwa, kuyendera, kutuluka, n'kukaitana anzake. Pakona pa tentiyo panali chigamba chomwe a Yohane anasoka ndi manja awo mvula itaing'amba, ndiye panalibe woti akane kuti si yathu.

Mayi wa mbaula uja anapukuta manja, kumbuyo atabereka mwana wa makutu otambalala ngati a a Tcheya, n'kuwafunsa m'Chizulu chake: "Hawu, baba, bwanji simunandiuze kuti tikusamuka?"

Mayi a kunyumba kwa a Tcheya anali pa mpando wakutsogolo. Sanakuwe. Anavula nsapato imodzi pang'onopang'ono, ndipo zimene zinatsatira sindilemba, chifukwa ana amawerenga.

A Yohane anatsala m'bungwe. A Tcheya ndi msuweni wawo anatuluka pawindo. Ine ndinakhala pa benchi ndikudikira kuti andinyamule pamapewa, koma anthu ananong'onezana, kenako onse n'kukweza manja kuti dzanja langa lisadzalowenso m'chipewa mpaka kufa, ndiponso kuti pa maliro ndizikhala kutsidya kwa msewu. Ndinazizwa mpaka gwinya linandigwa m'manja. Mayi Nabanda ndi amene anandifotokozera.

"A Fulakisoni, sitikukudani ayi. Koma pa maliro timanena kuti malemu anali munthu wabwino. Tenti tili nayo imodzi."

Chaka chotsatira a Yohane anatisiya. Tsiku lowaperekeza ndinaphwanya lamulo, ndinawoloka msewu n'kukhala pakati penipeni pa tenti. Anthu anagwira mitengo yake uku m'busa akunena kuti bamboyu sanabepo ngakhale singano. Tenti sinagwedezeke. Lero a Yohane ali ku Dedza, pambali pa mayi awo, ndipo amene akutsutsa akwere basi akaone.

Akazi anga alowa pompano, akufunsa chifukwa chake ndalemba zonsezi nditapana mphuno ndi pegi ya zovala, malata nditawasanjikira njerwa. Ndi fumbi. Ku Joni kuli fumbi loipa kwambiri.