Mabikoni pansi pa bedi

Amuna anga anati nkhaniyi ndisamauze anthu, koma poti ku Chinsapo kuno ngakhale ogulitsa makala akuidziwa, bola muimve kwa mwini wakene.

Chaka chatha tinagula poloti kwa Che Saidi, telala wachikulire amene ankabwerera kwawo ku Mangochi. Kapoloti kakang'ono, kaudzu okhaokha, koma ine mtima unali m'mwamba. Amuna anga amayendetsa thiraki, amatha masabata ali ku Beira, ndiye zonse zinali pamutu panga, ine ndi Tadala wa miyezi isanu ndi iwiri kumbuyo.

Kalata yogulitsirana tinalemba kwa abuloko lida, mboni zinasaina, ine ndimvekere basi zatheka. Koma Che Saidi anandikhazika pansi. Anati ku ofesi malowo akadali m'dzina lawo. Pafunika woyeza malo abwere adzaone mabikoni anayi (timiyala ta simenti tija, tokhala ndi kachitsulo pakati, tokwiriridwa m'makona) ngati akugwirizana ndi mapu, kenako iwo asaine, dzina lisinthe. Woyezayo abwera Lachisanu. Loweruka Che Saidi akukwera basi, ndipo sabweranso msanga.

Lolemba lake m'minibasi ndinamva mayi wina akuuza mnzake kuti masiku ano mabikoni amayenda. Ukagona, neba amazula n'kusendeza, ukamadzuka poloti yaonda. Nthawi yomweyo ndinakumbukira a Nachisale, oyandikana ndi poloti yathu. Ndikangofika kumeneko, iwo ali pampanda, maso pa ine. Tsiku lina anandifunsanso ngati amuna anga amakhalapo. Munthu angafunsirenji zimenezo?

Ndiye ndinaganiza mwanzeru (ndimati ndi nzeru). Mbale sindisiya panja, nsapato za mwana sindisiya panja, nanga mabikoni ndisiyirenji?

Lachiwiri masana, dzuwa likuswa mtengo, ndinatenga khasu ndi beseni. Kukumba, kuyang'ana uku, kukumba, kuyang'ana uko, Tadala akugwedezeka kumbuyo. Ndinkasenza limodzilimodzi nditaphimba ndi chitenje ngati ndikupita kuchigayo. Maulendo anayi, khosi lonse kuuma. Maenje ndinakwirira, ndinasesa, ndinawazapo udzu kuti wakuba asadziwe n'komwe pamene panali bikoni. Onse anayi ndinawalowetsa pansi pa bedi, kuseri kwa sutikesi. Tsiku limenelo ndinadya bwino koyamba.

Lachisanu tinakumana papoloti. Woyeza malo ndi tepi yake, abuloko lida, ndi Che Saidi atavala mkanjo woyera, akuyang'anayang'ana dzuwa poopa kuchedwa kumzikiti. Woyeza uja anapita pakona, n'kupalasa udzu ndi nsapato. Palibe. Kona ina, palibe. Che Saidi anayamba kulumbira kuti mabikoniwo analipo chikhalire, abuloko lida n'kumati izi n'zofunika apolisi. Ine ndinaona kuti akuluakulu akuvutika chabe.

“Musadandaule bwana, ali bwinobwino. Ndinawasunga kunyumba.”

Woyeza malo anatembenukira kwa ine.

“Kunyumba pati, mayi?”

“Pansi pa bedi.”

Che Saidi anavula kachisoti kawo, n'kukayang'ana mkati ngati muli yankho. “Mwanangu, ine ndinakugulitsa malo. Iwe wakasunga miyala?”

Woyeza malo sanaseke. Anati kuzula bikoni ndi mlandu, ndipo bikoni likachoka pamalo pake ndi chibuma wamba. Popanda poyambira sangalembe kanthu, mwina tidikire mwezi wamawa adzabwere ndi makina. Mwezi wamawa! Che Saidi ali ku Mangochi, poloti ili m'dzina lawo, amuna anga akubwera Lamlungu. Tadala anayamba kulira ngati wamva.

Apo ndi pamene a Nachisale anatulukira kuseri kwa mpanda, akupukuta manja. Anauza woyeza malo kuti awatsatire. Pakona yoyamba anafukula ndi chala, panatuluka botolo lokwiriridwa chozondoka. Kona yachiwiri, botolo. Onse anayi. Akuti anandiona Lachiwiri lija kuyambira khasu loyamba, ndipo ndikangonyamuka ndi beseni, iwo amathamanga kukakwirira botolo pamene ndazula.

“Ine ndinadziwa kuti mtsikana uyu akufuna kundibera malo,” anatero, ine ndili pomwepo. “Munthu wanji wobwera tsiku lililonse kudzangoyang'ana mpanda wanga?”

Woyeza uja anatambasula tepi, akuwerenga mapu. Botolo loyamba linali ndendende. Lachiwiri ndendende, lachitatu chimodzimodzi. Botolo lachinayi, la mbali ya a Nachisale, linali litalowa kwathu phazi limodzi lathunthu. Iwo anati dzanja linaterereka. Apa ndiye bambo uja anakhala pansi n'kuseka mpaka kupukuta misozi.

Anandituma kukatenga mabikoni. Maulendo anayi enanso, ulendo uno opanda chitenje chophimba, amayi a mzere wonse ataima m'makomo. Anawakwirira yekha, Che Saidi anasaina pepala atalitsamiritsa pabondo, n'kuthamangira kumzikiti atakwinya mkanjo.

Amuna anga nditawafotokozera pafoni anangofunsa kuti nanga poloti yeniyeniyo ndinaisiyiranji panja.

Pepala la dzina lathu linatuluka patapita miyezi. Musandifunse komwe lili, mukudziwa kale. Nyumba sitinayambe kumanga, koma m'mawa uliwonse ndimapitako ndi Tadala, ndipo a Nachisale ndimawapeza ali kale pamenepo. Timapatsana moni mwaulemu kwambiri, mwadzuka bwanji mayi a Tadala, ndadzuka kaya inu, tonse awiri maso ali pansi, pa bikoni lachinayi.