Tauni ya Zidzukulu za Mafumu

M'tauni ina, imene dzina lake tilisunga pofuna kuteteza ulemu wa eni ake, munalibe ndi mmodzi yemwe wobadwira m'banja wamba. Wogulitsa makala anali mdzukulu wa mfumu. Wometa anthu pamsika nayenso chimodzimodzi. Munthu ukanamutcha wakuba akanakukhululukira, koma kumutcha kapolo ayi.

Chaka china kunafika uthenga wakuti kukubwera Akiliyoli, anthu a pa zilumba za m'nyanja yamchere amene makolo awo anachoka kuno atamangidwa magoli. Amabwera kudzachita chikondwerero cha zakudya ndi nyimbo zawo, ndipo pobwerera adzatenga munthu mmodzi wa m'tauniyo kuti akakhale mlendo wolemekezeka kwawo.

A Hezekiya Kamtsitsi, Wapampando wa Komiti ya Alendo, Mipando ndi Zokuzira Mawu, sanavutike n'kuganiza kuti munthuyo angakhale ndani. Anakajambulitsa chithunzi cha pasipoti, nauza kwaya ya kutchalitchi kuti iyambiretu kufuna wina woimba besi m'malo mwawo.

Tsiku la chikondwerero zonse zinayenda mwadongosolo. Zolankhula zinayamba m'mawa n'kutha dzuwa litapendeka, mpunga wa alendo, nyemba ndi nsomba za tsabola zitazizira bwinobwino. Akiliyoli anawamba pamoto ng'oma zawo zonga malichero nayamba kuvina, amayi a pamsika n'kulowa nawo m'bwalo. A Kamtsitsi anaimba wenzulo gule asanakome, pakuti inali nthawi yothokoza amene anapereka mawu othokoza.

Kenaka Mayi Selestini, mtsogoleri wa alendowo, anaimirira pamodzi ndi womasulira.

"Ife tabwera kudzafuna abale," anatero. "Ndani muno amene a kwawo anatengedwa ukapolo?"

Aliyense anayang'ana mnzake ndi chiyembekezo chachikulu.

A Kamtsitsi anaona kuti mlendoyo akuopa kuti wafikira pakati pa anthu achabechabe, choncho anaimirira kuti amukhazike mtima pansi.

"Mayi, musade nkhawa, muno ndi mwa anthu olongosoka. Ine amene ndaima pano, kwathu goli silinakhudzepo khosi la munthu. Agogo awo a agogo anga anali ndi mfuti ndi nsalu za kunyanja. Amalonda a mtunda wautali ankagona pakhomo pawo."

"Nanga iwo ankawagulitsa chiyani amalondawo?"

"Minyanga ya njovu, mayi," anayankha a Kamtsitsi akukonza tayi. "Pamodzi ndi oinyamula."

Komiti inawomba m'manja. Womasulira anamasulira mawuwo.

Mayi Selestini anatembenukira kwa a Kamtsitsi. "Zikomo potiuza," anatero. "Mpando wa m'ndege tasungira munthu amene banja lake linalandidwa abale. Tinyamuka Lolemba."

Kutacha, mzere wa anthu unayambira pakhomo pa nyumba ya alendo mpaka kuchigayo. Tauni yonse inali itakumbukira mbiri yake. Ena anabwera ndi mayina a otengedwa, ena ndi misozi. Patsogolo penipeni panali a Kamtsitsi, amene tsopano anali Wapampando wa Komiti ya Mabanja Olandidwa.

"Achimwene," anatero a Tomoka, Mlembi wa Komiti, amene anaima pambuyo pawo, "si dzulo lomweli agogo anu anali ndi mfuti?"

"Ankangonyamulira eni ake! Ndipo musandikankhe, pamzere pamafunika mwambo."

Mayi Selestini anatuluka, naunguza mzerewo kuyambira kumutu mpaka kumchira.

"Ngati nonsenu munalandidwa abale," anafunsa, "anawagulitsa ndani?"

A Kamtsitsi anali ataliganizira kale funso limeneli. Anatembenuka mwaulemu, chala chili chokonzeka kuloza a Tomoka, koma anapeza zala za tauni yonse zitafika kale pachifuwa pawo.

Chikhazikitsireni makomiti m'tauniyo, aka kanali koyamba kuti mfundo idutse popanda wotsutsa.