A Gilibati ndi Mbululu Zawo

Pa Nathenje ponse munthu wofunsa mbululu asanataye madzi anali mmodzi yekha, a Gilibati. Inu amene simunawaone muziti ndikunama, palibe kanthu.

Kwawo kunali ku Mitundu. Anagwira udobi ku Halale zaka khumi, ndipo pobwerako mu 1953, anzawo atanyamula magalamafoni, iwo ananyamula mapaketi a utoto ndi chitini cha ufa woyeretsera zovala. Anazika chisakasa m'mbali mwa msewu, n'kuyamba kunika nsalu m'migolo: zakuda za anamfedwa, zabuluu za ofuna kutchena Lamulungu. Manja awo ndiye sitinawadziwe mtundu wake weniweni.

Tsoka lake, kumunsi kwa chisakasacho kunali chitsime cha mudzi wonse. Sabata yoyamba anangokhuthulira madzi a utoto m'ngalande, mvula n'kuwaperekeza kuchitsime. Mai Zipora, mzimayi wosadziwa kunong'ona, ananyika mphale yawo ndi madzi omwewo, ufa n'kutuluka wabuluu. Amuna awo anagona ndi njala masiku awiri, ati akufuna kuwadyetsa kondaine.

Mai Zipora anakwera chitunda ndi lichero la ufawo, n'kuliika pamapazi pa a Gilibati.

"Chitsime chija chikadzasinthanso mtundu, migolo iyi tidzaigubuduza ife amayi mpaka ku Mitundu kwanu, inuyo muli patsogolo."

A Gilibati anachita manyazi osasimbika. Mawa lake anatsegula chitini chija. Ufa wake unali wonunkha ngati kuchipatala. Akatha kunika ankathira supuni zingapo mumgolo n'kutakasa ndi nsungwi, madzi akuda bii aja n'kuyamba kufiira, kenaka chikasu, mpaka mbee. Ankati ufawo umadya utoto, osati kuubisa. Ena atanong'ona zoti ndi matsenga, iwo anati matsenga ogula pasitolo ya mmwenye ku Lilongwe sanawamvepo.

Esau, wokonza njinga pafupi pomwepo, anafuna kulawa madzi oyerawo, a Gilibati n'kumugogoda dzanja ndi nsungwi. Anamuuza kuti ukali wa ufa umatsalira ngakhale utoto utafa. Ndiye mgolo unkakhala padzuwa masiku atatu mpaka fungo litatha, kenaka ankaponyamo mbululu imodzi ya kudambo, imene ankaitcha adokotala. Ikasambira, madzi ankatayidwa. Ikagadama, ankaikwirira moipepesa, mgolo n'kudikiranso. Ife tinkaseka mpaka kugwira nthiti, koma eni ake nkhope ili gwa.

Esau yemweyo, pokhala wosamva, anatapako ufa mobisa kuti achapire jekete yake yakuda. Inatuluka yamawangamawanga, ndipo mpaka lero timamuitana kuti Nkhanga.

Zaka zisanu chitsime chili choyera, Mai Zipora akudutsa m'mawa uliwonse kudzasuzumira m'migolo ndi kupeza chokalipira. A Gilibati ankangoti, "Zikomo mayi," uku akutakasa.

Mu Disembala 1958 maliro anachuluka, ananika zakuda zambiri, ufa n'kutha. Tsiku lomwelo mgolo wodzaza unayamba kudontha, kumwamba kutada. Tinawauza kuti angotaya, mvula ikokolola, palibe adziwe. Anatiyang'ana ngati tawatukwana. Anamata pobowoka paja ndi dongo, n'kupalasa njinga mpaka ku Lilongwe. Anabwera atanyowa chapuchapu, jekete atakulungira chitini m'malo movala. Anathira ufa n'kutakasa akunjenjemera, ndipo pokagona chibayo chinali chitawagwira kale.

Tsiku lachitatu Mai Zipora anabwera ndi phala. A Gilibati analikana, n'kuwapempha kuti akaponye mbululu mumgolo. Mayi waukali uja anatsikira kudambo, n'kukaitapa ndi chikho. Atabwerera anagwada pakhomo.

"Akusambira adokotala anu."

"Ndiye tayani, mayi."

Anamwalira masana omwewo. Pamaliro, akazi awo, Mai Martina, anavala nsalu yamaluwa yosuluka, poti wowanikira yakuda panalibenso. Ine zimenezo zinandiliza kuposa nyimbo.

Lero chisakasa chinagwa, migolo Esau amasungiramo chimanga. Chitsime n'choyera chokha, popanda wochivutikira. Mai Zipora amadutsabe pamenepo m'mawa ndi mtsuko pamutu, amachepetsa liwiro, n'kupitirira.