Mowa Wanga wa Anyezi

Mukadzafika kumudzi kwathu, kumtunda kwa Nzama, n'kumva munthu akununkhiza chipanda n'kufunsa kuti, "Tomato mwathiramo?" mudzadziwe kuti akunena ine. Anthu a kuno saiwala msanga.

Ine kwathu ndi kuchigwa cha Bwanje, kolima mpunga. Ndinakulira mumpingo woletsa mowa, moti bambo anga thobwa likangoyamba kuluma palilime ankalitayira nkhumba. Ndiye ndinakwatiwa kumapiri kuno ndi a Ngozo, kubanja loti mwambo uliwonse umayamba ndi chipanda. Nditangozolowera kuzizira, apongozi anga aakazi analengeza kuti tikakolola tidzamanga chiliza cha malemu amuna awo, ndipo mkazi aliyense wa pabanjapo adzafulule mbiya yakeyake ya masese.

"Mbiya yokoma imatha dzuwa lisanapendeke," anatero alamu anga Nangozo, mlongo wawo wa amuna anga, akundiyang'ana cham'mbali. "Yoipa imatsala yodzaza, ndipo mwiniwake amaisenza yekha pobwerera, anthu akuona."

Ndinaseka nawo.

Apongozi anandifotokozera mwachidule ngati akunena za kuwiritsa madzi: kuphika phala, lizizire, kuthira chimera, ligone, kuwiritsanso, kuthiranso chimera, kenako kudikira kuti mowa upse. Ndinaganiza zoyeserera nthawi ikadalipo. Vuto linali limodzi: ine wofululane sindinkalawa. Wolawa anali amuna anga.

Ulendo woyamba ndinafuna kuonetsa kuti akuchigwa ndife aukhondo. Mbiya yakale imene apongozi anandipatsa ndinaikwecha ndi sopo mpaka inachita kuwala (ndinabwerezanso, kuti asadzati ndine waulesi). Mowa utapsa, a Ngozo anamwa, anatseka maso, n'kumeza movutika.

"Uli bwanji?"

"Uli bwino, mayi," anatero, misozi ili lengelenge. "Kungoti m'kamwa mwayera."

A Moyo, amalume awo a amuna anga, omwe mbiya iliyonse ya m'mudzi muno siitha iwo asanalaweko, sanabise mawu. Anati mowa wanga ndi wabwino kuchapira malaya. Ndinaphunzira kuti dothi limamwa sopo ndipo silimubweza msanga. Mbiya ya mowa amatsuka ndi madzi otentha basi.

Ulendo wachiwiri ndinabwereka mbiya ina. Phala lili pamoto, mnzanga wa kwathu anandiimbira foni, ndipo netiweki kuno imagwira pachulu cha kuseri kwa khola. Pomwe tinkamaliza kukambirana za amene wakwatiwa ndi amene wathawa ukwati, phala linali litapserera pansi. Ndinati ndikathira chimera fungo litha. Silinathe. A Moyo analawa n'kufunsa ngati nyumba yathu inapsa.

Ulendo wachitatu ndiye ndinasamala ngati ndikulera khanda. Chimera ndinameretsa ndekha, cha mawere abwino ogula ku Nsipe. Mthiko sunachoke m'manja. Foni ndinaitsekera m'sutikesi. Mowa unawira bwino, thovu lili tububu, mtundu wake wosiririka. Ndinadzidalira mpaka ndinauza amuna anga kuti aitane anthu odzatithandiza kukumba mbatata ya kachewere, adzamwe mowa wanga poweruka.

Anabwera ambiri. Ataweruka anakhala pansi pa mtengo wa pichesi, chipanda n'kuyamba kuzungulira. Woyamba anamwa, napatsira mnzake. Wachiwiri anamwa n'kuyang'ana kumwamba. Chitafika kwa a Moyo, anamwa, anatafuna pang'ono, kenako anageya. Fungo linafika mpaka pamene ndinagwada ine.

"Apongozi," anatero mwaulemu wonse, "ndiwo zakoma. Pangotsala tomato ndi mchere."

Anthu anagubuduka ndi phwete. Mowa wanga unkamveka anyezi. Osati pang'ono ayi, anyezi weniweni, woliritsa. Nangozo anaseka mpaka anagwira mtengo. Ine ndinalowa m'nyumba n'kukalira (ndinganame kuti anali anyeziyo, koma ayi).

M'mawa mwake ndinadzuka ndi mkwiyo. Sopo ndinalakwa ndine, kupsereza ndine, koma anyezi? M'khitchini mwanga munalibe ndi mmodzi yemwe. Ndinazindikiranso kuti kudalira lilime la a Ngozo n'kutaya nthawi, chifukwa munthu wokukonda salawa bwino. Ndinatunga mowa uja pang'ono, ndinapepesa bambo anga chamumtima, n'kumwa. Unali woipadi. Koma tsopano ndinadziwa mdani amene ndikumufuna.

Ndinayamba kufufuza chimodzichimodzi. Madzi a pamjigo ndinalawa, analibe mlandu. Mbiya ndinalowetsamo mutu, munalibe kanthu. Mthiko ndinaunyambita ngati mwana. Ufa unali bwinobwino. Nditatsegula ndowa ya chimera chotsala, fungo linandimenya pamphuno. Ndinakhala pansi n'kuyamba kukumbukira ulendo wonse wa chimeracho: ndinaviika mawere mumtsuko, ndinawakhuthulira pa masaka, ndinafunditsa masaka ena onyowa kuti amere. Masakawo ndinabwereka kwa alamu anga. Ndipo alamu anga, chaka chonse, amagulitsa anyezi pamsewu ku Nsipe.

Ndinanyamula saka limodzi mpaka kwawo. Ndinawapeza akusankha nyemba pakhonde, apongozi ali pambali.

"Alamu, tanunkhizani."

Ananunkhiza, n'kuyang'ana kumbali. "Inetu ndinachapa masakawa."

"Munachapadi. Nanenso mbiya ija ndinachapa."

Apongozi analanda sakalo, ananunkhiza, n'kuyamba kuseka mpaka kutsokomola. "Iwe Nangozo, mwana wa eni wavutika chonsecho mlandu ndi wako! Ndipo inu," anatembenukira kwa ine, "mwaupeza bwanji?"

"Ndinalawa, amayi."

"Eya! Tsopano mwayamba kufulula."

Kunena zoona, alamu anga sanachite dala, ndipo madzulo ake anandibweretsera mawere awo kuti ndimeretsenso. Chimera chatsopano ndinafunditsa masamba a nthochi. Moto ndinasonkha wofatsa. Ndipo pa sitepe iliyonse ndinkalawa: phala likazizira, ndikathira chimera, likayamba kuwira. Ndinaphunzira kumva pamene kutsekemera kukuthawa ndi pamene kuwawasa kukufuna kulowa, n'kudziwa kuti apa ndiye posefera.

Tsiku la chiliza linafika. Mapemphero atatha, mbiya zinandandalikidwa pamthunzi, yanga kumapeto kwenikweni. Azibambo ankaizungulira ngati muli njoka. A Moyo ndi amene analimba mtima. Anatunga, ananunkhiza nthawi yaitali (anthu ayamba kale kumwemwetera), anamwa, anapukuta ndevu, n'kutunganso. Atatunga kachitatu, mnzawo anawagwira mkono.

"Akulu, tatiuzani, uli bwanji?"

"Woipa kwambiri," anatero a Moyo, akukhala pansi n'kuikumbatira mbiyayo ndi miyendo. "Musayerekeze. Ndivutika nawo ndekha."

Apo ndiye anthu anaunjikana. Mbiya yanga inatha anthu asanadye n'komwe, ndipo a Moyo anaipendeketsa kufuna masese a pansi. Apongozi analuluta. Nangozo anandikumbatira n'kundinong'oneza kuti yake idakali pakati, ndimuthandize kuitanira anthu.

Nkhani ikanathera pamenepa ndikanakhala munthu wolemekezeka. Koma paja m'mawa umenewo ndinali nditalawa posefa, ndinalawa pothira mumbiya, ndinalawanso titafika kuti ndione ngati sunasinthe m'njira. Ndiye azibambo atayamba kuvina ngoma, gule wa Angoni, zishango m'manja, mapazi akugunda pansi mpaka fumbi koboo, ndinangomva miyendo yanga yanyamuka yokha. Ndinatola chivundikiro cha poto kukhala chishango, mthiko kukhala chibonga, n'kulowa pakati pa bwalo. Akuti ndinaponda mwamphamvu kuposa amuna anga. Akuti ndinatsogoleranso nyimbo ya Chingoni imene mawu ake sindiwadziwa mpaka lero. Akatekisiti anavula magalasi, kuwapukuta, n'kuvalanso. Zonsezi ndikuti "akuti" chifukwa ine ndimakumbukira fumbi lokha ndi nthungululu.

Kutacha ndinapita kwa apongozi mutu uli pansi kukapepesa.

"Malemu akanakhalapo akanakupatsani mbuzi," anatero. "Koma mwana wanga, wofulula amalawa ndi supuni. Chipanda n'cha alendo."

Malangizo amenewo ndimawasunga ndithu. Chaka chino ndafululira maukwati ndi zinkhoswe mpaka kutsidya kwa msewu, ndipo ndimalawa ndi supuni basi. Kukula kwa supuniyo musandifunse, anandisemera ndi a Moyo.