Kadontho ka Mwana Wanga

Ndine munthu wopirira ine, koma anthu a mawaya aja anandifika pakhosi. Chondiwawa n'chakuti nkhaniyi ndikaifotokoza, anthu amaseka ine.

Chinali chaka chija sukulu inayamba kukhala yaulere. Mwana wanga Esinati anali atangochira malungo aakulu okomola aja, ndiye kunabwera a kafukufuku ochokera ku Blantyre, ati ayeze ubongo wa ana onse amene anakomokapo. Ndinkadziwa kuti wanga akapezeka ndi vuto, mudzi wonse uzimutcha chitsiru mpaka adzakule. Alamu anga anali atayamba kale manong'onong'o.

Ndiye ndinamukonza ngati wopita ku ukwati. Ndinamumeta mpala, n'kumudzoza mafuta ophikira mpaka mutu waliwali (odzola anali atatha, musandiweruze). Tikutsikira kuchipatala cha ku Matandani ndinamulangiza: "Iwe, kumene tikupitaku kuli anthu aulemu wawo. Ukakangokhudza chinthu cha eni, ndikakutsina."

Titafika, anesi anayamba kumata timawaya pamutu pake. Akamata kumanja, kumanzere kwagwa.

"Mayi, mwamupaka chiyani mwanayu?"

"Mafuta. Mumafuna ndibwere naye wotuwa?"

Anamukhula mutu ndi sopo wochapira, ndipo makina awo analemba mizere papepala mwana akusisima.

Kenako bambo wina wa magalasi anayala pamkeka timatabwa ndi kagalimoto kachidole.

"Tatenga, Esinati. Tasanjikiza timatabwati."

Esinati anandiyang'ana, n'kubisa manja m'khwapa.

"Nanga kagalimotoka, sukukafuna?"

Esinati anapukusa mutu. Ine pambali ndikudzitama mumtima kuti kulera ndimakutha. Bambowo akungolemba.

Atabweranso tsiku lina, bambo aja anandionetsa pepala lodzaza timadontho. Ati kompyuta yawo inaphatikiza mizere ya m'mutu ija, zaka, sikelo ndi kaseweredwe ka ana onse, ndipo kadontho kalikonse ndi mwana. Timadontho tonse tinandandalika pamzere umodzi wokwera. Kamodzi kokha kanali pansi pakona, ngati mbuzi yodwala yotsalira kudambo.

"Wanu ndi ameneyu, mayi. Zikuoneka kuti ubongo unavulala."

Ndinalusa. "Mwana woti nkhuku zathu amazidziwa imodziimodzi pakati pa za aneba? Kodi kompyuta yanuyo inamufunsa chimene sanagwirire zidole zanuzo?"

"Inuyo mukuchidziwa?"

Apa m'pamene ndinaulula za kutsina zija chapansipansi, anesi n'kutembenukira kukhoma mapewa akugwedezeka.

Bambo aja anavomera kumuyezanso. Ndinamukokera kuseri kwa chipatala: "Lero gwira chilichonse, wamva? Usasiye kanthu."

Mwana wanga ndi womvera, eti. Anasanjikiza timatabwa, anayendetsa kagalimoto, kenako anazula mawaya kumakina, n'kuwavula bambo aja magalasi, n'kuwakhalira (magalasiwo, osati bambowo).

Bambowo akutsinzinira anati m'mutu mwa mwana mulibe vuto lililonse, koma amuchotsa m'masamu awo chifukwa akukhotetsa mzere wa anzake onse.

"Mumuchotse? Ulendo wonsewu, kawiri konse? Bwanji osakhotetsa mzerewo kuti umulondole iyeyo?"

Ati masamu salola. Ndinamubereka mwana wanga osatsanzika n'komwe.

Kumudzi alamu anga anandichingamira kumsewu. "Nanga apeza chiyani, mlamu?"

"Apeza kuti ali bwinobwino, moti makina a ku Blantyre amulephera."

Kuyambira pamenepo dzina la chitsiru lija silinamvekenso. Masiku ano tikamapita kuchipatala sindimulangizanso kanthu Esinati. Ndimangomugwira manja onse awiri.