Galimoto Imene Ndinawapatsa Sekuru Mbewe

Tchimo limene ndikufuna kuulula pano sindinalichite mobisa. Ndinalichita Lamulungu masana, nditangotuluka m'tchalitchi, bulashi ili m'manja, ndikung'ung'udza nyimbo yotamanda Mulungu.

Chinali chaka chimene zinthu zinandiyendera, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pa pulazi ina ya fodya kufupi ndi tauni ya Banket, kunja kwa Malawi, kumene ndinabadwira. Ntchito yanga inali yolemba manambala pa mabelo a fodya, koma Ambuye anali atandipatsa dzanja lojambula. M'chaka chimodzi chomwecho ndinalemba chikwangwani cha sitolo ya pakomboni, ndinajambula nkhosa pakhoma la tchalitchi chathu (ana ankati ndi galu, koma akulu a mpingo anagamula kuti ndi nkhosa), kenaka ndinakwatira. Anthu akandiyamikira ndinkati ulemerero upite kwa Mulungu, koma kunena zoona ndinkayamba ndatapako usanapite.

Ndiye kunabwera Sekuru Mbewe (kuno sekuru ndiye agogo), nkhalamba imene inkasonkhezera moto m'mabarani oumitsira fodya. Anachoka ku Dedza ali mnyamata ndipo sanabwererekonso. Kwawoko kunatsala mlongo wawo mmodzi yekha, aNambewe, ndipo sekuru anali atatsimikiza mtima kuti fodya wa chaka chotsatira akatha akapita kukamuona, imfa isanatenge mmodzi wa iwo. Koma ankaopa kukangotulukira ngati mzukwa. Mayi wina wa pakomboni ankapita ku Malawi, ndiye sekuru anafuna kutsogoza chithunzi.

"Bwanji osapita ku Banket akakutoleni ndi kamera?" ndinawafunsa.

"Kamera ilibe chifundo, mwanawe. Iwe ndiwe Mkhristu. Ungondiwongola pang'ono."

Ndinawakhazika pa chigubu m'shedi, n'kutambasula nsalu yoyera ya thumba la ufa. Anavala jekete lawo la kutchalitchi lothothoka m'zigongono. Ndinaliwongola mpaka linasanduka suti. Suti siyenda ndi manyatera, nsapato za matayala zija, choncho ndinawaveka nsapato zakuda zonyezimira. Mano anali nawo anayi. Ndinawapatsa onse, ndipo ndikukayika ngati sindinapitirize chiwerengero.

Tsono apa pali chinsinsi chimene pakomboni sankachidziwa: manja sindinkatha kujambula. Zala zinkandituluka ngati phava la nthochi. Dzanja lamanzere ndinalilowetsa m'thumba, nkhani n'kutha. Nanga lamanja? Nditakweza maso ndinaona galimoto yoyera ya murungu, mzungu mwini pulazi, itaima panja pa shedi. M'malo mothawa mayesero ndinasakaniza penti. Ndinajambula galimotoyo pambali pa sekuru, dzanja lawo n'kulilowetsa pawindo. Galimoto siingaime m'malere, ndiye kumbuyo kwake ndinaikako nyumba ya murungu, khonde lake ndi mitengo yake ya jakaranda.

Sekuru anayang'anitsitsa chithunzicho.

"Galimotoyi ndi ya ndani?"

"Yangoima, sekuru."

"Nanga dzanja langa likufunamo chiyani?"

"Likupuma."

Anaseka mpaka mano anayi onse aja kuonekera. "Maiwe! Ndikuoneka ngati nduna." Anaikulunga okha nsaluyo, mosamala ngati khanda, n'kukaipereka kwa mayi wa ku Malawi uja.

Mkazi wanga yekha ndiye sanaseke. "Bambo," anatero, "lamulo loletsa umboni wonama mumaphunzitsa ana ku Sande sukulu lija, limanena za pakamwa pokha?" Ndinamuyankha kuti za luso si aliyense angazimvetse. Tinali titangokwatirana kumene, ndinali ndisanadziwe kuti mayiyu akafunsa funso amakhala atamaliza kale kuweruza.

Patapita miyezi, tili pakalikiliki wothyola fodya, foromani anabwera kushedi akuthamanga. "Iwe wojambula, ukufunidwa kunyumba yaikulu. Wachita chiyani?"

Ndinapeza bambo wachilendo ataima pakhonde, sutikesi pansi, nsalu yanga ili m'manja. Anali Sitefano, mwana wa aNambewe, bambo wa ana atatu. Anagulitsa mbuzi zake, n'kukaphunzira kuyendetsa galimoto, n'kudutsa njira ya ku Tete ija ya nkhondo pakati pa asilikali, kuti adzakhale dalaivala wa amalume ake. Atatsika basi sanafunse n'komwe kuti komboni ili kuti. Anayang'ana chithunzi, anaona jakaranda, analunjika khomo lakutsogolo. Atapeza murungu akumwa tiyi, anamupatsa moni waulemu, monga munthu amachitira ndi wantchito wa pabanja, n'kumutuma kuti akaitane bwana.

Khukhi wa murungu, bambo wa ku Tete, ndiye ankamasulira, ndipo akuti mawu ena anawameza. Koma nsaluyo sinafune womasulira. Murungu anaizindikira galimoto yake mpaka nambala (nambala ndinaikopera bwinobwino, paja manambala ndiyo inali ntchito yanga). Anandiyang'ana, n'kuyang'ana nsalu, n'kuphulika kuseka mpaka kutsamwa. Akanandikalipira, bwenzi zitandipepukira.

Anandiuza kuti ndimuperekeze mlendoyo. Kuchokera kunyumba yaikulu kukafika kumabarani si patali, koma tsiku limenelo ndinaona ngati ndikudutsa chipululu chonse. Sitefano ankangofunsa, "Fodya yenseyu ndi wa amalume?" Ine ndinkangotsokomola.

Tinawapeza sekuru akutuluka kung'anjo, fosholo m'manja, thupi lonse mwaye.

"Amalume anu ndi awa," ndinatero.

Sitefano anayang'ana nsalu, n'kuyang'ana munthu. "Ayi, achimwene. Ndikufuna mwini wake."

Sekuru anamuyang'anitsitsa, ndipo ndinaona kuti azindikira nkhope ya mlongo wawo. Anatsamiritsa fosholo pakhoma, n'kuvula chipewa pamaso pa mwana wa mlongo wawo, ngati akulonjera murungu. Zambiri za tsikulo ndinaiwala, koma chipewacho ayi. Ndinamva zimene anamva wophunzira wa Ambuye uja tambala atalira.

Sitefano anakhala pa sutikesi yake. Anayankhula chapansipansi. "Amalume, nsaluyi inazungulira mudzi wonse. Amayi anatenga khasu n'kulambula msewu kuchokera pamlatho mpaka pakhomo, kuti galimoto yanu isadzavutike."

Analembedwa ganyu yothyola fodya, n'kumagona pansi m'kachipinda ka amalume ake. Pakomboni anamupatsa dzina loti Dalaivala, ndipo ankayankha.

Ine ndinakaulula kwa akulu a mpingo, n'kusala kudya masiku awiri. Kenaka ndinatenga pepala ndi cholembera, ulendo kwa sekuru. "Tiyeni tiwalembere aNambewe zoona. Inu nenani, ine ndilembe. Ambuye akonza zotsalazo."

Anavomera. Anayamba ndi moni, n'kunena kuti Sitefano anafika bwino. Kenaka anayamba kubweza katundu wanga mmodzimmodzi. Suti mulibe. Nsapato mulibe. Nyumba ndi ya murungu. Mano alipo anayi, limodzi likugwedera. Mumtima ndinkaimba aleluya. Kenaka tinafika pa galimoto.

"Imeneyo lemba kuti inalipo, koma inagubuduzika. Ulembenso kuti chaka chino sindibwera."

"Sekuru, bodza linanso?"

"Mayi wokalamba, mwanawe. Ndi khasu, kuchokera pamlatho. Ndimuuze kuti anavutikira chinthu chimene sichinakhaleko? Ndipo ndikayende pamsewu umenewo ine, ndi manyatera, mudzi wonse ukuonerera?"

Ndinali ndi mavesi okwanira oti ndiwayankhe. Koma ndinaweramira papepala n'kulemba kuti galimoto inagubuduzika, ndipo, Mulungu andikhululukire, ndinaonjezapo ndekha kuti panali pakona yoipa ndiponso kunkagwa mvula.

Chaka chimenecho sanapite. Chotsatiracho anati miyendo. Kenaka kunabwera kalata yoti aNambewe anatisiya. Sekuru tinawaika kuseri kwa komboni, pakati pa mitengo ya bulugamu, Sitefano akutsogolera kukumba.

Ndikukhulupirira kuti Ambuye anandikhululukira, pakuti chifundo chawo n'chachikulu kuposa uchitsiru wanga. Koma ku Dedza sindinapiteko, ndipo sindifuna. Ndimaopa kuti wina angakandilozere pamene panali msewu uja, umene sunadutsepo galimoto, ngakhale mwini wake woyenda pansi.