Manja Anga ndi Mbalame Yodya Nkhanu

Mpaka lero, a Mwangi akakumana nane amayamba ayang'ana manja anga, kenako n'kuseka. Sindingawadandaule. Ndinaziyamba ndekha.

Malemu amuna anga, bambo a Tiyamike, anali dalaivala ku Gigiri, mumzinda wa Nairobi. Bwana wawo wina ankakonda kuona mbalame, ndipo matendawo anawapatsira. Loweruka likakwana ankanyamula magalasi oonera patali ndi kabuku, ulendo ndi anzawo, ine n'kundisiya kunyumba kwathu ku Buruburu. Pobwera ndinkafunsa kuti, "Nanga mbalamezo zili kuti?" Iwo amvekere, "Taziona." Kuona basi, osabwera ndi imodzi yomwe ya ndiwo!

Atamwalira, kabukuko ndinakapeza m'thumba la jekete. Kuwerenga ndimachita kukoka (sukulu ndinalekera sitandade 3), koma ndinaona kuti dzina lililonse lili ndi tsiku pambali. Patsamba lomaliza anajambulapo mbalame yoyera, ya mapiko akuda kunsonga, mlomo wonenepa. Tsiku panalibe.

"Imeneyi sanaione, amayi," anatero Tiyamike, mwana wanga. "Imadya nkhanu. Imapezeka kunyanja ya mchere."

Chidwi chinandigwira. Ndi mbalame yanji imene munthu wamkulu angaijambule ngati chibwenzi? Ndinati ndikaione ine, ndiwalembere tsikulo.

Mu Januwale, anzawo aja ankapita kunyanjako, chifukwa ndi nthawi imene mbalame zothawa chisanu kwawo zimadzaza. A Mwangi, mtsogoleri wawo, anavomera kutitenga.

Nyanja imeneyo ndi yodabwitsa. M'mawa tinapeza madzi atachoka, patsala matope okhaokha mpaka kutali, mbalame zikuoneka ngati nyerere. Ndinafunsa ngati kuli chilala. Tiyamike anandimasulira kuti madziwo abweranso okha, ndipo akamabwera amakankhira mbalame kwa ife. Ntchito yathu inali kukhala pansi pa mitengo n'kudikira.

"Kimya, mama," anatero a Mwangi, chala pamlomo. Chimenecho ndinamva popanda womasulira.

Tinakhala maola atatu. Miyendo inachita dzanzi, udzudzu ukundidya, koma ndinapirira ngati pamaliro (ndinali nditazolowera). Madzi anabweradi, pang'onopang'ono, mbalame zikuyandikira. Zina zinkathamanga ngati zaiwala mwana pamoto, zina zikubaya matope ndi milomo yopindika. Ndinayamba kuwamvetsa amuna anga.

Apa ndiulule kanthu. Ine ndinakulira ku Domasi, m'minda ya mpunga. Kuyambira ndili wamng'ono ntchito yanga inali kuingitsa mpheta, m'mawa mpaka madzulo. Mutu unaiwala, koma manja sanaiwale.

Mwadzidzidzi chigulu chachikulu chinachokera kumanzere, kuzungulira kamodzi, n'kutera patsogolo pathu penipeni. A Mwangi anandigwira paphewa, akuloza. Koma ine ndinali nditaimirira kale. Manja phwa! phwa! phwa! Pakamwa, "Haaa! Chokaaa!"

Gombe lonse linanyamuka.

Pakati pa chimtambocho ndinaona zoyera zitatu, nsonga za mapiko zakuda, miyendo italendewera kumbuyo, zikupita.

"Amayi!" Tiyamike anagwira kumutu. "Ndi zomwezo! Mwaingitsa mbalame ya ababa!"

"Zimatera pampunga," ndinayankha.

"Mpunga uti?"

Ndinayang'ana. Matope ndi madzi amchere basi. Mzungu wina amene anali atangoloza kamera yake anakhala pansi mwakachetechete n'kuvula chipewa. A Mwangi anandipepesa kuti, "Pole, mama," koma mapewa awo ankagwedezeka ndi phwete.

Mawa lake tinabwereranso. Ndinakulunga manja m'chitenje n'kuwakhalira. Madzi anabwera, mbalame zinabwera, koma zodya nkhanu zija ayi. Kaya zinauzana.

Tili m'basi yobwerera ku Nairobi, ndinafunsa a Mwangi ngati kuona msana wa mbalame kumawerengedwa. Anaganiza kaye, kenako anati kuona ndi kuona. Ndinatenga kabuku kaja, ndipo ndi zilembo zanga zokhota ndinalemba tsiku pambali pa chithunzicho. Pansi pake ndinawonjezera kuti: "Ndaiona ikuthawa."

Zaka zonse zija ndinkadandaula kuti bambo a Tiyamike sanditenga kokaona mbalame. Ndinkaganiza kuti amachita nane manyazi chifukwa cha sukulu. Ayi ndithu. Munthu uja anandipeza m'munda wa mpunga ndikukuwa. Ankandidziwa.